Palafini m'Moto wa Achemwali

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, chaka chimene ndinawawonongera achemwali anga ulendo wakunja. Papita zaka zoposa makumi atatu, koma ndikaikumbukira nkhaniyi makutu amanditenthabe. Amene amandidziwa amati Tobiyasi ndi wamtima wapachala, ndipo sanama, sindikana. Chimene sadziwa n'chakuti mtima umenewu unayamba kukumba maenje ndisanamere ndi ndevu zomwe, ndipo woyamba kugweramo sindinali ine.

Tinkakhala ku Chikanda, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ya malata odontha pakona. Bambo anali mesenjala ku ofesi ina ya boma kumtunda kwa tauni, munthu wosalankhulalankhula, wa kaki wositidwa bwino moti mzere wa thalauza ukanakucheka chala. Amayi ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa kwa ophunzira a pakoleji. Ana tinalipo awiri basi, ine ndi achemwali anga a Felesiya, amene anandiposa ndi zaka zinayi ndipo anali Fomu 2.

Achemwaliwo anali m'gulu lija la atsikana ovala yunifolomu ya buluu ndi mpango m'khosi. Lachisanu lililonse masana ankakumana pabwalo la sukulu yawo kuphunzira kumanga mfundo za zingwe, kumanga munthu wothyoka mkono, kuguba ndi kuimba. Ife anyamata tinkakhala pampanda n'kumawanena kuti asilikali opanda mfuti. Ine ndinkanena kuposa anzanga onse, kuopa kuti angandikumbutse zoti mmodzi wa asilikaliwo ndi wa m'nyumba mwathu.

Chaka chilichonse mwezi wa February gululi limakhala ndi tsiku loganizira anzawo a m'mayiko ena. Akuti tsiku limenelo atsikana a gulu lomweli, kaya ali ku Kenya, kaya ku India, kaya kumayiko ozizira kuja, amakumbukirana ngati pachibale ngakhale sanaonanepo. Ine zinkandiseketsa. Munthu wosamudziwa dzina, wosamudziwa nkhope, umuganizira chiyani? Koma a gulu la achemwali sankazitenga mwamasewera. Loweruka loyandikana ndi tsikulo ankakwera phiri la Zomba kukayatsa moto wa ubwenzi.

Mtsogoleri wawo anali Mayi Chikopa, mphunzitsi wamfupi wa magalasi, wenzulo ili lendelende pachifuwa nthawi zonse. Mayiwa ankasunga kachitini kobiriwira kodzaza phulusa. Mwambo wake unali wotere: moto ukayaka amathiramo phulusa lakale, ukazima amatapa latsopano n'kusunga. Wina akamapita kumsonkhano wa kudziko lina amanyamulako pang'ono, n'kubwerako ndi lakumeneko. Motero m'kachitinimo akuti munali phulusa la moto wa mayiko ambirimbiri. Ku Chikanda ena ankanong'onezana kuti zimenezo n'zizimba, mpaka amayi anakafunsa kwa mkulu wa mpingo, amene anangoti phulusa ndi phulusa, mwanayo musiyeni.

Motowo unali ndi lamulo lake. Amayatsa ndi mtsikana mmodzi wosankhidwa, ndi timitengo ta machesi tiwiri basi, popanda pepala, popanda pulasitiki, popanda palafini. Kumbukirani kuti February ndi pakati pa dzinja, ndipo paphiri paja nkhuni zimanyowa ngakhale mvula isanagwe. Chaka chimenecho panali chinanso. Amene ayatse motowo ndiye adzanyamule phulusa kupita nalo kumsonkhano wa atsikana a mayiko oyandikana nafe, ku Zambia, pa holide yotsatira, gulu likulipira zonse. Akalephera, mwayi upita kwa womutsatira. Wosankhidwa anali achemwali. Wowatsatira anali Lusiya, mwana wa mphunzitsi wa pakoleji.

Achemwali anali asanapitirirepo Limbe. Tsiku limene anabwera ndi uthengawo amayi analulutira mpaka aneba anatuluka. M'mawa mwake bambo anapita ndi achemwaliwo kwa wojambula zithunzi kumsika kuti akajambulitse za pachiphaso.

Ndiye kunayamba kuyeserera kuseri kwa nyumba. Madzulo aliwonse achemwali ankatola tinkhuni tonyowa dala n'kugwada pamatope ndi bokosi la machesi. Ine ndinkaimirira pamutu pawo, manja m'chiuno.

“Mwayika zikuluzikulu pansi inu! Uzirani mbali iyi! Aaa, mwazimitsa nokhatu!”

“Iwe Tobi, ulibe kochita? Tapita ukasewere.”

Kawiri konse ndinaona ndi maso anga machesi onse awiri akutha, moto osayaka, utsi wokhawokha. Kachiwiriko ndinawalanda bokosi kuti ndiwaonetse, iwo anandimenya nalo pachipumi. Ndinachoka ndikunyinyirika, mumtima nditagamula kale mlandu kuti munthu uyu paphiri akatichititsa manyazi. Kuyambira pamenepo sindinapitenso kuseri kuja, choncho zimene ankachita masiku otsalawo sindinazione.

Lachinayi madzulo bambo anagwetsa bomba. Anati mwana wamkazi sakwera phiri popanda mlongo wake, kaya kuli aphunzitsi kaya kulibe. Ine ndiperekeze. Ndinamva ngati andithira madzi ozizira kumsana. Loweruka lomwelo masana anyamata a Chikanda tinali ndi mpira ndi a ku Zakazaka, mpira weniweni wachikopa umene wina anabwereka kwa amalume ake, ndipo goloboyi ndinali ine. Ndinayesa kutsegula pakamwa, bambo anangondiyang'ana pamwamba pa kapu ya tiyi. Ndinatseka.

Lachisanu mvula inavumba tsiku lonse osapumira. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana phiri litabisala m'mitambo, n'kumawerengera. Moto ukakanika, atsikana aja adzayamba kuyesa wina ndi wina, nyimbo pamwamba pa nyimbo, mpaka dzuwa kupendeka, mpira wanga n'kupita. Ndipo achemwali adzatsika akulira, ku Zambia kutapita Lusiya. Ndisaname, zifukwa zinali ziwiri, ndipo cha mpira chinali patsogolo. Koma chachiwiricho chinaliponso, chenicheni. Ndinkafuna apite. Ndinkafuna kudzanyada kusukulu kuti achemwali anga anakwera basi yodutsa malire.

Ndinang'amba kansanza ku malaya akale a bambo, ndinatsegula koloboyi wa kuchipinda kwathu, n'kukaviika m'palafini mpaka kukhuta. Ndinakakulunga m'majumbo awiri a shuga kuti fungo lisatuluke, n'kukabisa m'thumba la kabudula. Ku Chikanda aliyense ankayatsa mbaula choncho. Sindinaone cholakwika. Ndinadziona wanzeru kuposa gulu lonse ndi mphunzitsi wawo yemwe.

Loweruka tinanyamuka kutangocha. Atsikana analipo ngati makumi awiri, mipango yawo yositidwa, aliyense atanyamula kambendera ka pepala kojambula ndi makrayoni, ka dziko limene anapatsidwa kuti aliganizire. Mayi Chikopa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi, n'kunena kuti poti ndabwera, ndisayende chimanjamanja. Anandisenzetsa ndowa yachitsulo muli buledi, ketulo ndi makapu. Ine, goloboyi wa Chikanda, ndowa pamutu pakati pa tauni! Ndinkapemphera kuti tisakumane ndi mnzanga aliyense.

Tinalowa njira ya mbatata, ija yokwera molunjika m'nkhalango. Dothi lofiira linali loterera ngati sopo. Madzi ankadontha m'masamba a paini n'kumandilowa m'khosi, makapu akulira m'ndowa sitepe iliyonse. Amayi osenza mitengo italiitali ankatsika mothamanga, osavala nsapato, ife n'kumapatukira m'udzu wonyowa. Atsikana ankangoimba, ngati chitunda sakuchimva. Ndipo sanandisiye.

“Amuna athu, mwatopa kale? Tikuberekeni?”

“Musawavute alamu, akusunga mphamvu za mpira.”

“Felesiya, kodi kwanu amadya? Taonani timiyendo!”

Ndinaluma mlomo mpaka kumva kukoma kwa magazi. Achemwali sanaseke nawo, komanso sananditeteze. Ankayenda chamtsogolo ali phee, dzanja limodzi lili pachifuwa ngati munthu wodwala chibayo. Ndinati ndi mantha amenewo, ndipo ndinagwira thumba langa kutsimikiza kuti mankhwala a mantha awowo alipo.

Tinafika pamwamba chifunga chitakuta ponseponse, moti munthu woima mapazi khumi sumamuona nkhope. Malo ake anali kabwalo ka udzu m'mphepete mwa paini, kamtsinje kakulira chapansipa. Mayi Chikopa anandituma kukatunga madzi, ati moto suyatsidwa popanda madzi ozimitsira pambali. Nditabwerako ndinapeza atsikana atatola nkhuni, achemwali atagwada akuzisanja. Anasanja mosiyana ndi momwe ndinkaonera kunyumba, zoonda pakati, zokulirapo zitatsamirana pamwamba ngati denga la nkhokwe, kutsogolo atasiya kakhomo. Sindinaganizepo kanthu. Ndinangoona kuti nkhunizo zinali zonyowa, zakuda bii.

Wenzulo inalira. Onse anathamangira kumapeto kwa kabwalo kukaima pamzere, kukweza mbendera ndi kunena lonjezo lawo, misana atalozetsa kwa ine. Chifunga chinandithandiza. Ndinagwada, ndinamasula majumbo, n'kukankhira kansanza kaja pakakhomo mpaka m'kati, n'kuphimba ndi masamba a paini. Manja ndinapukuta m'udzu. Ndinabwerera pa ndowa yanga n'kukhala ngati mwana wabwino, mtima ukugunda mokoma.

Anabwera n'kuima mozungulira, timbendera m'manja. Mayi Chikopa analankhula za atsikana a kutali amene nthawi yomweyo akuyatsa moto wawo akuganizira a ku Malawi. Anatulutsa kachitini kaja n'kukatsegula, kenaka anapereka bokosi la machesi kwa achemwali, atachotsamo ena onse kusiya awiri.

Achemwali anagwada. Ndipo apa ndi pamene ndinaona chimene ankagwirira pachifuwa njira yonse. Anapisa m'bulauzi n'kutulutsa kampango komanga bwino. M'menemo munali timapalipali ta mtima wa paini, tofiirira, tonyezimira ndi utomoni, tosengedwa topyapyala ngati nthenga, touma gwa chifukwa cha kutentha kwa thupi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anayenda okha mpaka kwa ocheka matabwa kumunsi kwa phiri kukapempha, ndipo anali atayatsa kunyumba masiku asanu otsatizana ndi kamtengo kamodzi. Anatapa theka, anayika pakakhomo, theka lina anabweza. Anatchinga mphepo ndi thupi. Anayatsa kamtengo koyamba.

Moto unangoti phuu! Lawi linalumpha kufika m'chiuno mwa munthu, utsi wakuda uli tolotolo. Achemwali anagwa chagada atagwira kumaso. Atsikana anakuwa n'kubwerera m'mbuyo. Kenaka kunangoti zii, ndipo m'chifunga chozizira chija fungo la palafini linafalikira, losabisika, lofanana ndi la m'nyumba iliyonse ya ku Chikanda. Achemwali anadzuka. Nsidze zinali zitapserera, nsonga ya mpango itada.

Mayi Chikopa anatseka kachitini pang'onopang'ono.

“Felesiya, n'chiyani ichi?”

Achemwali anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anagwetsa nkhope. Kumbuyo wina ananong'ona kuti n'chifukwa chake anabwera ndi mchimwene wake. Wina anati nanga ku Zambia n'kwamasewera.

Tsopano mverani uchitsiru. Pamenepo ndikanaimirira, manja kumbuyo, n'kunena kuti pepani Mayi, ndine ndalakwa, achemwali sakudziwa kanthu. Mawu ochepa chabe. Koma manong'onong'o aja anandikwera kumutu, pamodzi ndi ndowa ija, ndi “amuna athu” uja, ndi matope onse a m'njira. Ndinadumpha n'kulowa pakati pa bwalo.

“Moto ndi moto! Mumafuna moto, suwu ukuyakawu? Kodi phulusa lanulo lili ndi mphuno? Ndine ndayika sanzayo, ine! Ndiye mundichita chiyani?”

“Tobi!” anatero achemwali.

Sindinamve. Ndinaloza kachitini kaja ndi chala. “Ndipo la ku India-lo anaona ndani? Mwinatu mwangopala pambaula yakwanu n'kumanamiza ana a eni!”

Ndinamva atsikana akukoka mpweya onse pamodzi. Mayi Chikopa anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya mpango, anavalanso. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa mbama.

“Mwamaliza, bambo?” anandifunsa. “Chabwino. Ndamva kuti ndinu. Ndipo ine ndikukhulupirira kuti Felesiya sanadziwe. Koma lamulo silifunsa kuti wayika ndani. Limati moto uyake wopanda palafini, ndipo uwu sunayake choncho. Madzi mwatunga nokha aja, zimitsani.”

Ndinayang'ana achemwali kuti mwina anenapo kanthu. Anangoti, “Zimitsa.” Ndinanyamula ndowa n'kukhuthulira pamotopo mwaukali. Unalira ngati mphaka wopondedwa mchira, nthunzi yonunkha n'kundibwerera kumaso.

Anasankha malo ena chapatali, Lusiya n'kuyamba kusanja nkhuni zake. Zimene anatola zinali zonyowa kuposa za achemwali. Mumtima ndinati ehe, tione, nayenso alephere, tilepherane tonse. Ndiye ndinaona chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Achemwali anapita, anagwada pambali pa Lusiya, anapisa m'bulauzi, n'kumupatsa kampango kaja ndi timapalipali totsala. Anamuloza poyika. Anabwerera pamalo pawo.

Lusiya anapatsidwa machesi ake awiri, n'kuyatsa kamtengo kamodzi. Utomoni unagwira, kalawi kakang'ono kachikasu kanakwera mwaulemu, kakulira tetete, kanaumitsa tinkhuni tapamwamba pake, ito n'kugwira, n'kupatsira tinzake. Posakhalitsa moto unali lawilawi, ukununkhira paini. Kamtengo kachiwiri kanatsala m'bokosi. Ndinaima pamenepo ndi ndowa yopanda kanthu, ndikuona ndi maso anga mmene moto wa achemwali ukanayakira ndikanakhala kuti ndinasunga manja anga m'thumba.

Mayi Chikopa anathira phulusa lija. Kenaka mtsikana aliyense ankabwera ndi kamtengo, kuponya pamoto n'kutchula dziko lake. Uyu ndikuganizira anzanga a ku Ghana, uyu a ku Japan, uyu a ku Brazil. Achemwali anali atapatsidwa Zambia, poti ndi kumene ankayembekezeka kupita. Itafika nthawi yawo anayenda mowongoka, nsidze zopsererazo zili poyera, anaponya kamtengo n'kunena momveka bwino, mawu osagwedera: “Ndikuganizira anzanga a ku Zambia.” Ine ndinathawira kumtsinje. Tiyi ndi buledi sindinalawe.

Potsika tinatsalira m'mbuyo awiriwiri. Mukuganiza kuti ndinali chete? Ayi ndithu. Ndinalalata njira yonse. Ndinati Mayi Chikopa ndi okondera, ankafuna kale mwana wa bwana, anangopezerapo mwayi. Ndinati lamulo la machesi awiri ndi lachitsiru, dziko linapita patsogolo. Ndinati ndipo inu achemwali ndinu opusa, mukumupatsiranji mdani wanu zinthu zimene munavutikira. Pakona ina pamene chifunga chinang'ambika, tauni yonse ikuoneka pansi ndi madenga ake onyowa, anaima.

“Tobi, takhala chete kaye.”

Ndinakhala chete.

“Za ku Zambia zikundiwawa, sindikubisira. Ndilira ndikafika kunyumba. Koma chikundiwawa kwambiri n'chakuti iwe unakhala pansi, n'kuganiza bwinobwino, n'kupeza kuti ine sindingathe.”

“Ine ndimafuna kukuthandizani.”

“Ndinakupempha?”

Anapitiriza kutsika, ine pambuyo, makapu akulira m'ndowa. Ku mpira sindinapite, ngakhale nthawi inalipo. Madzulo ndinamva kuti anayika mnyamata wina pagolo ndipo anawina bwinobwino popanda ine.

Kunyumba amayi atangoona nkhope ya achemwali anagwira pakamwa. Nkhani ndinafotokoza ndekha, poti achemwali analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinkayembekezera lamba, ndipo kunena zoona ndinkamufuna, kuti zithe. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta nsapato zawo za kuntchito.

“Ndinakutuma kukatani kuphiri?”

“Kuperekeza.”

“Kuperekeza.” Anauzira pansapato. “Kuyambira mawa mpaka mvula ithe, moto wa m'mawa pakhomo pano uyatsa ndiwe. Machesi awiri. Palafini ayi, pepala ayi. Ukalephera tonse tichoka osamwa tiyi, ndipo aliyense adziwa chifukwa chake.”

Ndinaona ngati chilango chopepuka. Khitchini yathu inali kachisakasa kuseri, kodontha, nkhuni zake zogula kwa amayi a kuphiri aja, zaziwisi. M'mawa woyamba machesi anatha ndisanaone ndi utsi womwe. Wachiwiri chimodzimodzi. Bambo ankasamba madzi ozizira, kuvala kaki wawo n'kutuluka osandiyang'ana, m'mimba mulibe kanthu. Amayi ankadikira kuti apite kaye, kenaka n'kukapala moto kwa aneba kuti akazinge zitumbuwa zawo mochedwa, makasitomala atagula kale kwina. Aneba nawo anayamba kufunsa kuti kodi a injiniya alepheranso lero? Tsiku lachinayi ndinamenya theche fuwa mpaka chikhadabo cha chala chachikulu chinazuka. Ndinakhala pansi m'phulusa lonyowa ndikutukwana nkhuni, machesi, phiri, ndi onse amene anayambitsa zoganizira anthu osawadziwa.

Masiku onsewo achemwali ankadutsa pakhomo pa khitchini ndi ndowa yawo yosambira, kundiona ndikulimbana. Sanandiseke, sanandilangize, sanandilande bokosi. Poyamba ndinati ndi nkhanza. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, machesi ali m'manja, chala chikupweteka, ndinawaitana.

“Achemwali.”

“Ee?”

“Tandionetsani.”

Anatsitsa ndowa nthawi yomweyo, ngati ankangodikira. Sanagwire nkhuni zanga. Anakhala chonjuta pambali n'kumandiuza: ng'amba chikunicho, m'kati n'mouma, senga topyapyala, zikuluzo zidikire. Nditafuna kuunjika zonse pamodzi anati, “Ukuthamangira kuti?” Unayaka ndi kamtengo kachiwiri. Tsiku limenelo bambo anamwa tiyi, ndipo sanafunse kuti zatheka bwanji.

Koma tiyi sanabweze ulendo. Patapita milungu amayi anakumana ndi Mayi Chikopa kumsika, ndipo anabwera ndi mawu amene ndikanakonda ndisanawamve. Mayi Chikopawo akuti poyamba anaganiza zoti achemwali asanjenso nkhuni zina n'kuyesa ndi kamtengo kotsala kaja. Koma nditanyoza phulusa pamaso pa ana onse, sakanachitanso zimenezo, zikanaoneka ngati lamulo limapindika mnyamata akakuwa. Choncho ndinawononga kawiri, koyamba ndi manja, kachiwiri ndi pakamwa. Lusiya anapita ku Zambia. Chaka chotsatira msonkhano wotero kunalibe, ndipo chinacho achemwali anali otanganidwa ndi mayeso a Fomu 4, za gulu anasiyira ana.

Lero ndine dalaivala wa mathiraki. Mwanza, Mchinji, Songwe, Dedza, zipata zonsezi ndadutsa kosawerengeka, mpaka ziphaso zadzaza zidindo n'kusinthidwa. Lusaka ndimaidziwa ngati Chinamwali. Achemwali ndi mphunzitsi wa pulayimale cha ku Malosa, ali ndi zidzukulu, ndipo mpaka pano sanapondepo kunja kwa Malawi. Zimenezi zimandidya. Nthawi zonse ndikaima pamzere wa pachipata ndimaganiza kuti munthu woyenera kudutsa apa poyamba sanali ine.

Zaka zingapo zapitazo ndinalephera kupirira. Ndinafika kwawo ndi mafomu a pasipoti nditadzaza kale theka, nditakonza tsiku, nditalankhula ndi bwana wanga kuti ndidzakwere ndi mlongo wanga kutsogolo. Ndinayala mapepala patebulo ndikufotokoza mofulumira, mokweza, monga mwa nthawi zonse. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka anawasonkhanitsa bwinobwino n'kundibwezera m'manja.

“Tobi, imvi zonsezi sunasinthe? Ndikafuna kupita ndidzakuuza.”

Ndinatuluka nditakwiya, ndinamenyetsa chitseko cha galimoto, ndinayenda mpaka pa Domasi ndikulankhula ndekha. Ndi pamenepo pamene ndinazindikira kuti ndachitanso zomwezija.

Chimene ndikumvetsa tsopano ndi ichi, ndipo ndachimvetsa mochedwa. Pali thandizo lina limene ndi chipongwe chovala bwino. Umalanda chinthu m'manja mwa munthu uku ukuti ukumukonda, pamene pansi pamtima wagamula kuti iye sangathe, kapena kuti ulibe nthawi yomudikira. Mkazi wanga amandiuza zomwezi ndikamulanda foni kuti ndimukonzere, ana anga amabisa homuweki ndikalowa. Atsikana aja ndinkawaseka kuti akuganizira anthu osawadziwa, pamene ine wa m'nyumba mwanga ndinkamuona tsiku ndi tsiku koma sindinamudziwe ngakhale pang'ono. Sindinganame kuti ndinasintha. Manja amandiyabwabe ndikaona munthu akuchedwa ndi chinthu chimene ine ndingachite msanga. Chimene ndaphunzira n'kuwakhalira pansi manjawo n'kudikira kuti andiitane. Achemwali sanandiitanebe, ndipo mwina sadzandiitana. Ndikudikira, ndipo kudikirako kukundiwawa zedi.